Mutu 6: Chidyamnzake Wasiya Kudya

1. Nyenyezi ya Temwa

Temwa Sibale sanali mwana wodzikayikira. Anali mtsikana wa Fomu 3, wamfupi, woyenda ngati wachedwa ngakhale asanachedwe. Akakweza mkono m'kalasi, aphunzitsi ankayamba apuma kaye, podziwa kuti funso likubweralo silitha msanga. Kwawo kunali ku Kaseye, koma ankakhala ku Lufita kwa amalume ake kuti sukulu imuyandikire. Ndiye anali wapampando wa kalabu ya sayansi, ndipo kiyi wa kabati ya laputopu ankamuvala m'khosi pa kachingwe.

Chaka chimenecho Temwa ankafuna chinthu chimodzi basi: kupita ku Mzuzu. Kumeneko kunali mpikisano wa sayansi wa masukulu a kumpoto, ndipo sukulu iliyonse inkatumiza gulu limodzi lokha. Chibadwire, Temwa anali asanapitirirepo Karonga. Anali atauza kale anthu a ku Kaseye kuti akabwerako adzawafotokozera za mumzinda, ngakhale kuti ahedi anali asanasankhe gulu.

Chomwe ankadalira chinali nyenyezi. Mphunzitsi wawo wa fizikisi, Mayi Justina Chikopa a ku Thyolo, analembetsa kalabuyo kwa akatswiri ena a zakuthambo amene amalola ana a sukulu kugwiritsa ntchito telesikopu yawo. Telesikopuyo ili pa phiri lina kutali, kunja kwa dziko lino. Lolemba lililonse pa laputopu pankafika zithunzi makumi anayi za kachigawo kamodzi ka thambo, zojambulidwa motsatizana usiku umodzi.

Tsiku loyamba, Mayi Chikopa analoza kadontho kena pakati pa chithunzi.

"Kadontho aka si nyenyezi imodzi," anatero. "Ndi ziwiri, zoyandikana kwambiri moti zimazungulirana kamodzi pa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Ina ndi yofiira, yofutukuka. Inzakeyo ndi yoyera, yaing'ono ngati dziko lathuli, koma yolemera pafupifupi ngati dzuwa. Yaing'onoyo imakoka mpweya wa inzake n'kumameza."

Kenako anaika maginito pansi pa pepala, n'kuwaza pamwamba tizidutswa ta chitsulo. Tizidutswato tinafola m'mizere yokhota, yonse yolowera kumapeto a maginito.

"Nyenyezi yaing'onoyi ili ndi maginito amphamvu zedi. Ndiye mpweya uja sugwa paliponse ayi. Umatsata mizere ngati iyi, monga madzi m'ngalande, n'kukagwera malo amodzi. Pamene ukugwerapo pamatentha ndipo pamawala koopsa. Nyenyezi zikamazungulira, malo owalawo amatiyang'ana, kenako amatifulatira. N'chifukwa chake kuwala kumakwera n'kutsika. Ntchito yanu ndi kuyeza kukwera ndi kutsikako kwa masabata asanu ndi limodzi."

"Ndiye kuti ndi Chidyamnzake basi," anatero Ufulu.

Kalasi yonse inaseka, ndipo dzinalo linakanirira. Dzina lenileni la nyenyeziyo linali la malembo ndi manambala oti lilime likhoza kupindika nalo.

Ufulu Makwinja anali mnzake wa Temwa wa pondaapanepondepo, mwana wa namwino amene anasamutsidwa kuchokera ku Balaka. Anali ndi dzanja lokongola polemba komanso Chingelezi chosalala. Awiriwa ndiwo anatenga ntchito ya nyenyezi. Ataweruka, ankatsalira m'labu. Temwa ankadina pa Chidyamnzake, laputopu n'kupereka nambala ya kuwala kwake. Ankadinanso pa nyenyezi zina ziwiri zoyandikana nayo, zomwe kuwala kwake sikusintha, kuti afananize. Ufulu ankalemba manambala m'kope, n'kuika timadontho pa galafu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi makumi anayi sizitha ndi liwiro, koma kwa masabata anayi galafu inatuluka mmene Madamu ananenera, yokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda. Temwa anayamba kufunsa anthu ngati ku Mzuzu kumazizira mu Okotobala.

2. Utsi

Sabata lachisanu lisanayambe, Mayi Chikopa analandira uthenga woti mayi awo amwalira ku Thyolo. Ananyamuka tsiku lomwelo. Anangokwanitsa kuuza Temwa ali pa njinga yamoto kuti: "Pitirizani. Ahedi adzasankha gulu Lachisanu la sabata lachisanu ndi chimodzi. Musandichititse manyazi."

Lolemba zithunzi zinafika. Temwa anatsegula choyamba, anasuzumira, n'kupukuta galasi la laputopu ndi mkono wa yunifomu.

"Ufulu, Chidyamnzake ali kuti?"

Analipo, koma wofooka, kadontho kotuwa koti munthu achite kutsinzina diso limodzi kuti akaone. Anayeza zithunzi zonse makumi anayi. Manambala anatsikira pansi penipeni pa pepala, ndipo mizere yokwera ndi kutsika ija inasanduka kanjira kongogwedera pang'ono.

"Zithunzi za sabata lino zaipa," anatero Temwa. "Tidikire Lolemba."

Lolemba linalo linafika, nyenyezi ili chifookere. Kunatsala masiku anayi.

Ufulu anatuluka pakhonde la labu, n'kumuitana mnzake. Kunja kunali kotuwa. Inali nyengo yotentha tchire, ndipo utsi unali utaphimba mapiri onse moti dzuwa lamadzulo munthu ankatha kuliyang'ana osaphethira.

"Taona kumwambaku," anatero Ufulu. "Mapiri sakuoneka. Dzuwa lenilenilo lafiira. Nanga kanyenyezi kako n'kandani kuti kaoneke? Ndi utsi, mwali. Nyenyezi ilibe mlandu."

"Nadi," anavomera Temwa, mtima utakhala pansi.

Wapampando wa kalabu ya sayansi, mwana amene ankatopetsa aphunzitsi ndi mafunso, anagona ndi yankho limeneli usiku wonse osaliona vuto. Munthu akafuna chinthu, nzeru zimayamba zapita kukatunga madzi. Zinabwerera m'mawa mwake ali pa mlatho wa Lufita, akupita kusukulu. Anaima chilili mpaka wanjinga wina anamuimbira belu mokwiya.

Anamupeza Ufulu pa mzere wa asembule.

"Iwe, telesikopu ija ili ku Chitipa kuno?"

"Ayi."

"Nanga utsi wa ku Lufita ukafika bwanji pa phiri la kunja? Komanso nyenyezi ziwiri zofananizira zija sizinasinthe. Utsi wake ndi wotani wosankha nyenyezi imodzi n'kusiya zinzake?"

Ufulu anakweza mapewa.

"Kaya ndi utsi, kaya makina awo awonongeka, zonse n'chimodzimodzi. Madamu anati kuwala kumakwera n'kutsika. Buku likutero. Ife tikudziwa mmene nyenyeziyi imachitira, ndiye tingolemba mmene imachitira."

Lachitatu Ufulu anabwera ndi pepala. Anali atatenga manambala a sabata lachiwiri ndi lachitatu, n'kuwasintha pang'onopang'ono kuti asafanane ndendende, n'kuwaika pa malo a masabata awiri omaliza. Pamwamba analemba mokongoletsa: Temwa Sibale, mtsogoleri wa gulu. Galafu yake inali yosiririka, mizere yofanana kuyambira koyamba mpaka kotsiriza.

"Palibe amene akubedwa apa," anatero Ufulu. "Ahedi amakonda zinthu zooneka bwino, ukuwadziwa. Anyamata a gulu la Vitumbiko apanga choumitsira matimati, ndipo chikuumitsadi matimati. Ife tikapita ndi mzere wogona pansi, tikanena kuti chiyani? Ine achemwali anga ali ku Mzuzu, zaka ziwiri sindinawaone. Usandilakwire, Temwa."

"Tiwaimbire Madamu."

"Munthu ali pa siwa, iwe n'kumamufunsa za nyenyezi? Kwanu kuno mumatero?"

Kwawo sankatero, ndipo Temwa ankadziwa. Anatenga pepala la Ufulu, analipinda, n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi kope la manambala enieni. Sanalonjeze kanthu, koma sanakanenso.

3. Buku la maziro

Amalume ake, a Cuthbert Msukwa, anali mlangizi wa zaulimi wopuma pa ntchito. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chitini choyezera mvula, choimikidwa pa mtengo, ndipo tsiku lililonse 8 koloko m'mawa ankapita kukachisuzumira. Madzulo amenewo Temwa anawapeza akukonza mpanda wa chitinicho, womwe mbuzi za aneba zinali zitaugwetsa.

"Mwatandala uli, Asibweni?" Temwa anawalonjera amalume akewo m'chiyankhulo cha kwawo.

"Makora, Nasibale. Bwera undigwirire nsungwi iyi."

Pa mpando panali buku lawo la mvula, lotsegula. Temwa ataliyang'ana anaseka. Kuyambira mu Juni mpaka tsiku limenelo munali ziro, ziro, ziro, tsamba ndi tsamba.

"Asibweni, mumavutikiranji? Mwezi uno aliyense akudziwa kuti mvula kulibe. Bwanji osangodikira Novembala?"

"Ukufunsa za buku langa, kapena uli ndi lako likukuvuta?"

Temwa sankadziwa kubisa. Anatulutsa kope ndi pepala lija, n'kufotokoza zonse: nyenyezi, utsi, Mzuzu, Lachisanu. A Msukwa anavala magalasi, anayang'ana mapepala onse awiri, n'kukhala pansi pa chitsa.

"Za nyenyezi ine sindizidziwa," anayamba motero. "Koma mapepala awiri ngati awa ndinawagwirapo. Khala pansi, ndikuuze chinthu chimene ngakhale anyoko, mlongo wanga, sachidziwa.

"Ndili mnyamata, ntchito nditangoiyamba, ananditumiza kudera lina kuseri kwa mapiri uko. Anandipatsa njinga, buku, ndi chitini ngati ichi. Chaka chachiwiri mvula inayamba bwino, anthu anadzala, chimanga chinafika m'mawondo. Mu Januwale inadula. Tsiku loyamba ndinalemba ziro. Lachiwiri ziro. Masabata awiri, ziro yekhayekha.

"Kunabwera bwana wina kudzayendera. Anatsegula buku langa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti, 'Msukwa, Januwale wa ku Chitipa angakhale ndi maziro chonchi? Iwe sumapita kukayeza. Umagona.' Anandinyoza pamaso pa alimi. Ine mnyamata, ntchito ndikuifuna, manyazi andigwira. Atachoka ndinayamba kukonza buku. Apa mamilimita atatu, apo asanu. Sindinalembe chimvula ayi, ndinali wochenjera ngati mnzakoyu. Ndinkangothira pachokopachoko kuti tsamba lioneke ngati Januwale wa masiku onse. Mvula inakhala masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi osagwa, koma m'buku mwanga inkagwa kawiri pa sabata.

"Chimanga chinapsa. Ndiye kunabwera mbewu ndi chakudya chothandizira madera amene ng'amba inawakhudza. Oweruza ake sanayende m'minda yonse, anatsegula mabuku. Madera oyandikana nafe analandira. Kwathu anati mvula inagwako, buku la mlangizi likutero. Nasibale, chaka chimenecho ndinaona azimayi akukumba zitsa za nthochi kuti aphikire ana. Ankandipatsa moni mwaulemu, 'Monire a alangizi,' osadziwa kuti njala ina ndawalembera ndine ndi bolopeni yanga.

"Tsono mvetsa. Ziro si manyazi. Ziro ndi nkhani. Munthu woyeza sanalembedwe ntchito yokometsa tsamba, analembedwa kuti akhale maso a anthu amene kulibe. Iwo sangabwere kudzaona okha, akudalira iwe. Ukalemba zimene ukuganiza kuti zinayenera kuchitika, wawatseka m'maso, ndipo sadzadziwa n'komwe kuti ndi akhungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala la mnzakoli ndi lokongola kuposa lako, sindikukana. Mwina likhoza kukufikitsa ku Mzuzu. Koma pamwamba pake pali dzina la Sibale, ndipo pepala limayenda kutali kuposa mwini wake."

Anavula magalasi, n'kumubwezera mapepala onse awiri.

"Sindikusankhira yayi. Ine katundu wanga ndinasankha kale, ndipo ndikumusenzabe. Gwira nsungwiyo bwino, yapendama."

Temwa anagwira nsungwi. Chisoni chinamugwira poona amalume ake, munthu amene ankamuyesa wosalakwa, akumanga mpanda mutu uli pansi. Anagwirabe nsungwiyo mpaka mpanda unatha.

4. Lachisanu

Lachinayi m'mawa Temwa anamubwezera Ufulu pepala lake.

"Ndipita ndi manambala a m'kope."

"Wapenga? Tiluza!"

"Mwina. Koma tamvera. Madamu anati kuwala kumachokera pamene mpweya ukugwera. Kuwalako kwatha, nyenyezi zinzake zili bwinobwino. Ndiye kuti mpweya wasiya kugwa. Chidyamnzake wasiya kudya."

"Analemba m'buku liti zimenezo?"

"Sindinaziwerenge paliponse. Ndaziona."

Ufulu anamuyang'ana ndi maso ofiira. Anatenga pepala lake n'kuchoka. Pa nthawi yopuma anthu anamuona ali ndi gulu la Vitumbiko, lomwe linkasowa munthu wodziwa kufotokoza m'Chingelezi. Pofika madzulo dzina lake linali litalembedwa kumeneko. Zinamupweteka Temwa kuposa mmene ankayembekezera, moti anajambula galafu yake yekha m'labu misozi ikulengeza, akudzikalipira kuti asadonthezere pa pepala la manila.

Lachisanu ahedi, a Kaonga, anakhala kutsogolo kwa holo ndi aphunzitsi ena awiri. Gulu la Vitumbiko linayamba. Linabweretsa bokosi la matabwa lokhala ndi pulasitiki pamwamba, ndi mbale ya matimati ouma. Ufulu anafotokoza mosadodoma. Ahedi analawa tomato mmodzi, anagwedeza mutu, n'kutenganso wina.

Kenako anaitana Temwa. Anapachika manila ake, anaima mowongoka, n'kufotokoza za nyenyezi ziwiri, za maginito, ndi za malo owala. Mawu ake ankamveka mpaka kumbuyo. Analoza mizere ya masabata anayi, kenako analoza pamene mzere unagwera pansi.

Ahedi anaweramira kutsogolo.

"Apa chinachitika n'chiyani? Inki inatha?"

Ana anaseka.

"Ayi, sala. Nyenyezi inafooka. Ndinayeza zithunzi makumi asanu ndi atatu, china chilichonse kawiri. Nyenyezi zofananizira sizinasinthe, ndiye vuto si mitambo kapena makina. Ndikuganiza kuti mpweya unasiya kuchoka ku nyenyezi yofiira kupita ku yoyera."

"Chifukwa chiyani unasiya?"

"Sindikudziwa, sala."

"Udzayambiranso liti?"

"Sindikudziwanso."

A Kaonga sanali munthu woipa. Anali munthu wokonda mizere yowongoka, maudzu otchetcha, ndi mayankho okhala ndi mathero. Anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, wayankhula bwino chomene, ndipo mantha ulibe. Koma mutu wa ntchito yako ukuti kuwala kumakwera n'kutsika, pamene galafu yako yagona ngati yadwala malungo. Ine ndikuona ngati Madamu atachoka munasokoneza kayezedwe. Sukulu ino singakwere minibasi mpaka ku Mzuzu kukauza anthu kuti 'sindikudziwa.' Ukanabwera ndi masabata onse ali bwino, ndikanakutenga iwe, pakuti zoumitsira matimati kumeneko zikakhalako khumi."

Mawu otsirizawo ndiwo analasa. Temwa anayang'ana Ufulu, Ufulu anayang'ana pansi.

"Sindinasokoneze, sala," anatero Temwa. "Ndi mmene zilili."

"Chabwino. Ukayesenso chaka chamawa."

Masana omwewo mayina a gulu la Vitumbiko anatumizidwa ku Mzuzu. Temwa anapinda manila ake bwinobwino, osawakwinya, n'kuwaika m'chikwama.

5. Pa depoti

Loweruka ana a kalabu anapita ku depoti ya pa Boma kukaperekeza anzawo. Temwa akanatha kunamizira mutu, koma wapampando ndi wapampando. Anathandiza kukweza bokosi la matimati, n'kukangana ndi kondakitala amene ankafuna kuikapo thumba la nyemba pamwamba pa pulasitiki. Ufulu anali atakhala kale pawindo, akuyang'ana kumbali.

Minibasi ili m'kati modikira kudzaza, basi yochokera ku Karonga inalowa ndi fumbi lake. Mwa anthu otsika munali Mayi Chikopa, atavala duku lakuda, ataonda, maso atalowa m'kati. Temwa anathamanga kukawalandira chikwama, anagwada pang'ono, n'kuwapepesa za maliro.

"Yewo, zikomo mwanangu. Zachitika, ndi njira ya tonse," anatero Madamu. Kenako anaona ana a sukulu atazungulira minibasi. "Bwanji iwe uli pansi? Katundu wako ali kuti?"

"Sanatisankhe, Madamu. Nyenyezi inafooka."

"Inatani?"

Temwa anatulutsa manila m'chikwama, n'kuwatambasula pamwamba pa sutikesi. Madamu anatsata mzere ndi chala. Atafika pamene unagwera, chala chinaima. Anapempha kope, anayang'ana manambala a nyenyezi zofananizira, tsamba ili ndi linalo. Kenako anakhala pansi pa thumba la chimanga la munthu wina, osapempha.

"Temwa, ukudziwa chimene wagwira apa?"

"Ndinawauza ahedi kuti yasiya kudya. Anaseka."

"Yasiyadi! Nyenyezi za mtundu uwu zimatero nthawi zina. Mpweya umaleka kuyenda, malo owala aja amazima, ndipo zimatha masabata kapena miyezi zili choncho, kenako n'kudzukanso. Ena amaganiza kuti pa nyenyezi yofiira pamabwera banga lozizira pamalo pamene mpweya umatulukira, koma palibe amene angalosere tsiku lake. N'chifukwa chake akatswiri aja amafuna anthu oziyang'anira. Kukwera ndi kutsika kuja akukudziwa kale. Chimene amasowa ndi munthu wowauza sabata limene yazima. Ine sindinakuuzeni chifukwa sindinkaganiza kuti zingatigwere ife."

Kwa nthawi yoyamba chichokere ku maliro, Mayi Chikopa anaseka. Mtima wa Temwa unadumpha.

"Ndiye tiwauze ahedi! Minibasi sinanyamuke!"

Madamu anayang'ana minibasi, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mayina anapita dzulo, si choncho? Sasinthanso. Ndimawadziwa anthu a mpikisano. Unayenera kukhala m'galimoto imeneyo ndiwe, mwanangu, ndipo ndidzawauza a Kaonga pamaso. Koma Mzuzu wa chaka chino wakudutsa."

Kondakitala anamenya chitseko, injini inalira. Temwa anaiyang'ana minibasiyo. Zinamuwawa, ndipo sanayese kunamizira kuti sizikuwawa. Koma anaima chilili, manila ali m'manja, ndipo akanati am'bwezere ku holo ya Lachisanu akanapachikanso omwewo.

"Lolemba tiwalembere akatswiri," anatero. "Ndiwatumizira manambala onse."

Apo nkhope ya Madamu inasintha. Anapisa m'chikwama cha m'manja, n'kutulutsa foni.

"Dikira kaye. Ngati manambala ako ndi awa, nanga awa ndi a yani?"

Anamuonetsa chithunzi. Linali pepala lolembedwa ndi dzanja lokongola, mizere yokwera ndi kutsika masabata onse asanu ndi limodzi. Pamwamba pake panali mawu akuti: Temwa Sibale, mtsogoleri wa gulu.

"Chinafika Lachitatu m'mawa kuchokera pa nambala ya mayi ake a Ufulu, ndi uthenga woti mwamaliza," anatero Madamu. "Ine mutu unali pa maliro. Nditaona dzina lako sindinayang'anenso kawiri. Ndinatumiza kwa akatswiri tsiku lomwelo. M'mawa uno ndili m'basi andiyankha. Akuti anzawo a kumayiko ena akuona nyenyeziyi itazima, koma a ku Chitipa okha akuti ikuwala. Akufunsa kuti Temwa Sibale ndi ndani, ndipo manambala amenewa anawatenga kuti."

Temwa anatembenuka. Minibasi inali ikutuluka pa geti, bokosi la matimati likugwedera kumbuyo. Pawindo, Ufulu anali atatembenuka nayenso, akuyang'ana foni ili m'manja mwa Madamu, dzanja lake lili pakamwa.

"Ufulu!" anakuwa Temwa.

Minibasi inakhota, n'kulowa mumsewu wa ku Karonga.